Mawaya 13 amene savomera

Ambiri a ife tinaimva kale sitar ya magetsi, dzina lake cabe ndilo sitinali kulidziwa. Amene munaonerera filimu ya Guardians of the Galaxy ya mu 2014, ili mu nyimbo ija ya gulu la Redbone, "Come and Get Your Love", imene mnyamata uja amavina filimu ikungoyamba. Amene munakulira m'nyumba ya akulu-akulu okonda Stevie Wonder, ili pa ciyambi penipeni pa "Signed, Sealed, Delivered I'm Yours" ya mu 1970. Okonda rock mumaimva pamene Metallica iyamba "Wherever I May Roam". Ndi kaliridwe kaja ka gitala yomveka monga yameza njuci: waya akalira, pamwamba pa mau ake pamakwera ka nziii kamene kamatambasuka pang'ono, kenaka n'kuzimirira.

Mukaiona pa cithunzi, ili monga gitala ina iliyonse: khosi lalitali, mawaya 6, cingwe copita ku ampu. Koma ca kumtunda kwa thupi lake kuli mawaya ena 13, aafupi, ondandalikidwa monga mano a cipeso. Amenewa sanaikidwe kuti munthu aziwadina ndi zala. Nchito yao, malinga ndi amene anawaikapo, ndi kulira okha pamene mawaya akulu-akulu akulira. Ife tiziwacha mawaya ovomera, cifukwa zili monga pa gule kapena ku kwaya: mmodzi amayambitsa nyimbo, ena n'kuvomera.

Funso ndi lakuti, kodi amavomeradi? Kwa ife amene timapanga mabiti m'tuzipinda twa m'komboni, funso ili lili ndi ndalama m'kati. Coimbira ca mtundu uwu nthawi zambiri munthu amacita kuitanitsa kunja, kulipira m'madola, kuwonjezapo yotumizira ndi msonkho. Ndipo zilipo mitundu iwiri: ya mawaya 6 cabe, ndi ya mawaya 6 kuphatikizapo 13 aja, imene imakwera mtengo. Maganizo athu ndi awa: pa sitar ya ku India mawaya ovomera ndi theka la moyo wa coimbiraco, koma pa sitar ya magetsi agwira nchito yocepa kwambiri moti munthu wogula cifukwa ca iwo akulipirira maonekedwe.

Kuti timvetsetsane, yambani mwayesa kanthu aka kunyumba. Tengani gitala ya bokosi yochunidwa bwino. Pindani kapepala kakang'ono ndi kukakoleka pa waya wa nambala 5, uja wa A. Manje dinani waya wa nambala 6, wonenepa kuposa onse, pa fret ya nambala 5, ndi kumuliza. Kapepala kaja kadzayamba kuvina, pamene waya wake simunamukhudze. Cifukwa cake n'cakuti mawaya onse awiri akufuna kunjenjemera pa liwiro limodzi, ka 110 pa sekondi, ndipo thabwa lopepuka la gitala likunyamula kunjenjemerako kucoka kwa mmodzi kupita kwa mnzake. Sendezani cala pa fret ya nambala 4 kapena 6, kapepala kadzakhala zii. Amene amakhala pafupi ndi bala akudziwa zimenezi: malata a nyumba sagwedezeka pa bass iliyonse, pali noti imodzi imene ikagunda ndiye denga lonse limayankha.

Conco kuti waya avomere pafunika zinthu ziwiri. Mau ake afanane ndi amene akulizidwa, ndipo pakhale njira yabwino yodutsamo kunjenjemera.

Sitar ya kumpoto kwa India inamangidwa kuti ikwaniritse zonse ziwiri. Thupi lake ndi cipanda cacikulu couma, covundikiridwa ndi thabwa lopyapyala lochedwa tabli. Khosi lake ndi la mphako. Pamwamba pamadutsa mawaya 6 kapena 7, pa ma fret acitsulo opindika monga uta. Pansi pa ma fret amenewo ndi pamene pamadutsa mawaya ovomera, 11 kufika 13, amene iwo amawacha taraf, aliyense ndi cikhomo cake cochunira m'mbali mwa khosi. Mawaya apamwamba ndi apansi onse amatsamira pa thabwa limodzi lomwelo, conco wapamwamba akalira, apansi amamva nthawi yomweyo.

Cinthu caciwiri cimakwaniritsidwa ndi nyimbo zake. Woliza sitar asanayambe, amachuna mawaya a taraf kuti agwirizane ndi manoti a raga imene akufuna kuliza. Raga ndi gulu la manoti lokhala ndi malamulo ake a mmene ungakwerere ndi kutsika, ndipo zambiri zili ndi nthawi yake ya tsiku. Woliza angakhale mu raga imodzi theka la ola, ngakhale ola lathunthu. Noti ya kwao, imene amaicha Sa, sisuntha, ndipo kumbuyo coimbira cina cochedwa tanpura cimaigwirizira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndiye kuti noti iliyonse imene iye waliza imapeza m'bale wake akuiyembekezera pansi. Akakoka waya cam'mbali pa fret yopindika ija, mau amakwera kudutsa manoti anai kapena asanu pa kukhwacha kumodzi, ndipo mawaya apansi amadzuka mmodzi-mmodzi pamene mauwo akuwadutsa. Amakhalanso monga mboni: noti ikaphonya pang'ono, savomera, ndipo khutu lozolowera limadziwa.

Koma pali cinsinsi cina ca sitar cimene sicikhudzana ndi mawaya ovomera, ndipo apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Ka nziii kaja kamacokera pa bridge, kacidutswa kamene mawaya amatsamirapo. Pa gitala, waya amadutsa pa kanthu kakuthwa, kuti alire mau oyera. Pa sitar amadutsa pa kanthu kotambalala ka fupa kapena nyanga, kopalidwa mopendekeka pang'ono. Waya akamanjenjemera amakakhudza, n'kukasiya, n'kukakhudzanso, kambiri-mbiri pa sekondi, ndipo kukhudzana kumeneko kumabereka tumau twapamwamba tumene timamva monga njuci. Luso lopala bridge imeneyi limachedwa jawari, ndipo lili ndi amisiri ake. Jawari imapereka njuci, taraf imapereka kuyankha kuja kotsalira m'mwamba monga muli m'chalichi copanda anthu. Ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Nanga magetsi analowa bwanji? Mu 1965 George Harrison wa gulu la Beatles analiza sitar mu nyimbo ya "Norwegian Wood". Mu 1966 Brian Jones wa Rolling Stones anacita cimodzimodzi mu "Paint It Black". Mu 1967 Ravi Shankar analiza pa cikondwerero ca nyimbo ca ku Monterey ku California, pamaso pa acinyamata masauzande. Mwadzidzidzi aliyense wojambulitsa nyimbo ku America ndi ku Britain anali kufuna kaliridwe ka India. Vuto linali lakuti sitar imatenga zaka kuiphunzira, umailiza utakhala pansi, imaceka zala, siinapangidwire ma chord, ndipo pafupi ndi ng'oma za bendi siimveka.

Vinnie Bell, woliza gitala m'masitudiyo a ku New York, anaona mpata. Pamodzi ndi kampani ya Danelectro ya ku New Jersey, yodziwika ndi magitala ochipa, anatulutsa sitar ya magetsi mu 1967 pa dzina la Coral. Inali kuchunidwa monga gitala, conco woliza gitala aliyense anali kutha kuiliza tsiku lomwelo. Anaikapo bridge yotsanzira jawari, ndipo pambali anaikapo mawaya 13 aja, okhala ndi pickup yao-yao ndi kowonjezera mau kao-kao. Kampani imodzimodziyo inapanganso mtundu wina wopanda mawaya ovomera ngakhale mmodzi, umene masiku ano umadziwika kuti Baby Sitar. Mukaitseka maso ndi kumvetsera, nayonso imalira njuci yomweyo. Umenewu ndi umboni woyamba wakuti mau amene timawafuna ali pa bridge.

Tsopano bwererani ku zinthu ziwiri zija. Coyamba, njira. Gitala ya magetsi siidalira thabwa kuti imveke. Pickup ndi maginito amene amawerenga kunjenjemera kwa waya wacitsulo ndi kukutumiza ku ampu, conco thupi limapangidwa lolimba, losagwedezeka kwambiri. Mawaya 13 aja ali pambali, kutali ndi anzao, aafupi ndi okungika. Kunjenjemera kumene kumawafika n'kocepa, ndipo yankho lao limakhala lonong'ona, losavuta kumizidwa ndi bass ndi ng'oma. Zili monga kuika kwaya m'cipinda cina, kutseka citseko, n'kumayembekezera kuti avomere nyimbo imene akuimvera ku cipupa.

Caciwiri, kufanana kwa mau. Nyimbo za pop, soul, rock, ngakhale zathu za pa wailesi, zimayenda pa ma chord amene amasintha pa masekondi ocepa alionse, ndipo nyimbo yotsatira imabwera mu kiyi ina. Mukachuna mawaya 13 ku kiyi imodzi, adzagwirizana ndi nyimbo imodzi ndi kukangana ndi yotsatira. Mukawachuna kuti akhale ndi manoti onse 12, ndiye kuti pa chord iliyonse ambiri a iwo ndi alendo, ndipo mukawakhudza mwangozi ndi mkono amalira zosagwirizana. Kuwachunanso si nkhani yocepa: alibe zikhomo zopotokola ndi zala monga za gitala, pamafunika kasipanala kake, waya mmodzi-mmodzi, ka 13. Ndani angacite zimenezo pa steji anthu akuyembekezera, ena atalipira pa geti?

Mvetserani nyimbo zimene zinachukitsa coimbira ici. Reggie Young wa ku Memphis anaciliza mu "Cry Like a Baby" ya Box Tops ndi mu "Hooked on a Feeling" ya B.J. Thomas, zonse za mu 1968. Denny Dias analiza naco solo yaitali mu "Do It Again" ya Steely Dan mu 1972. Pat Metheny anaimbitsa naco "Last Train Home" mu 1987. Mu zonsezi, cimene timatsala tikucing'ung'udza ndi mzere wa manoti wolizidwa pa mawaya 6 odutsa pa bridge ija. Ku Philadelphia, magulu monga Delfonics ndi Stylistics anacitenga n'kucipanga liu la nyimbo zacikondi zodekha, zosakhudzana ndi India m'pang'ono pomwe. Sitar ya magetsi inapeza moyo wake-wake monga gitala yolankhulira m'mphuno, ndipo pa nchito imeneyo ndi yabwino maningi. Sitikuinyoza. Tikungoti ulemu upite kumene kwacokera mau.

Anzathu otsutsa ali ndi mfundo zao, ndipo zina ndi zoona. Amati mawaya 13 aja ungawakhwache ndi cala onse pamodzi, alire monga kazeze, ndipo ndi kokoma pa ciyambi ca nyimbo kapena pa kusintha kwa ndime. Zoona. Mu situdiyo, kumene nthawi ilipo, ungawachune ku kiyi ya nyimbo imodzi, kukweza pickup yao, kuikapo reverb, n'kupeza kanthu konyezimira kumbuyo. Amatinso ampu ikakwezedwa kwambiri, mphepo ya m'sipika imawagwedeza ndipo amayamba kuyankha. Nazonso ndi zoona. Koma onani cimene cacitika: pa nkhani yoyamba mawaya akulizidwa ndi cala, ndiye kuti asanduka coimbira caciwiri comatidwa pa coyamba. Pa yaciwiri akufunika phokoso limene ambiri a ife sitingalikwanitse m'kacipinda kogawana cipupa ndi alendi lodi. Amene amafuna kazeze pambali pa gitala ndipo ali wokonzeka kukasamala, agule, adzakondwera. Cimene tikukana ndi kugula poganiza kuti mawayawo adzakupatsani cimene taraf imapatsa woliza wa ku Kolkata kapena ku Varanasi.

Ena amati maonekedwe naonso ndi nchito. Pa vidiyo ya nyimbo, coimbira ca mawaya 19 cimakopa maso, anthu amafunsa kuti n'ciani. Sitikana. Koma akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati tikulipira kuti cioneke pa kamera, tizivomereza kuti ndi zimenezo, osanamiza mng'ono wathu amene akusunga ndalama za ganyu kuti mau ali m'mawaya amenewo.

Ife a kuno tiyenera kumvetsa nkhaniyi mwamsanga kuposa a ku New York a mu 1967, cifukwa zinsinsi ziwiri za sitar tili nazo kwathu. Yang'anani silimba ya Alozi. Pansi pa thabwa lililonse pali cipanda, ndipo kukula kwa cipandaco kumasankhidwa molingana ndi noti ya thabwalo: cacikulu ku mau aakulu, cacing'ono ku mau aang'ono. Mukasinthanitsa zipanda, silimba imafooka mau. Kumeneko ndiko kuvomera kogwira nchito. Pa cipanda pamaboolewanso kabowo kamene amamatapo kacikopa kopyapyala ka mazira a kangaude, kapena kapulasitiki masiku ano, kuti kazilira nziii. Kalimba nayo amaimangirira tuzitsulo, tuzigoba kapena zotsekera mabotolo pa cifukwa comweco. Munthu atabwera ndi silimba yokhala ndi zipanda zokongola, zopakidwa penti, zonse za msinkhu umodzi, tingadziwe nthawi yomweyo kuti anaiona pa cithunzi cabe.

Ndipo zofanana ndi zimene zinacitikira sitar zinacitikiranso kalimba, koma mozondoka. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey, amene anayenda m'maiko ambiri a mu Africa kujambula nyimbo, anayamba kugulitsa makalimba ku South Africa ochunidwa pa do-re-mi ya Azungu. Lero pa intaneti pali makalimba ambiri-mbiri a tuzitsulo 17, ochunidwa mu kiyi ya C, osalala, olira mau oyera monga kabelu. Njuci anaicotsamo. Ku sitar anatengako njuci n'kusiya kuvomera kwenikweni, ku kalimba anatengako maonekedwe n'kusiya njuci. Tikamva kalimba yotere mu filimu, pa cithunzi ca dzuwa likulowa kumbuyo kwa mtengo, timaseka cifukwa tikudziwa kuti ambuye athu sanali kuliza conco. Woliza wa ku India akaona mawaya 13 opacikidwa pambali pa gitala ali ndi ufulu woseka cimodzimodzi.

Kubwereka sikulakwa. Magulu a Zamrock a m'ma 1970, monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, anabwereka fuzz ndi wah kwa oimba a kunja, ndipo anazigwiritsa nchito mpaka zinakhala zao. Anabwereka cinthu cimene cimamveka. Ndi muyeso umene tikupempha kuti tizigwiritsa nchito tisanatulutse ndalama kapena tisanaike sampo mu biti: kodi ici cikucita ciani ku khutu?

Conco kwa amene akufuna mau aja a Stevie Wonder ndi Redbone, ya mawaya 6 ikwanira. Ngati muli kale ndi gitala imene simukuimvera cisoni, kampani ya Gotoh ya ku Japan imapanga bridge ya njuci imene mmisiri angaikepo. Dziwani cabe kuti bridge ya mtundu umenewu imafupikitsa nthawi imene noti imalira, ndipo imavuta kuti manoti onse a pa khosi akhale olondola. Palinso pedal ya kampani ya Electro-Harmonix yochedwa Ravish Sitar, imene imatsanzira zonse ziwiri, njuci ndi mawaya ovomera. Cocititsa cidwi n'cakuti kuti mawaya ake ongoyerekezera avomere bwino, imayamba yakufunsani kiyi ya nyimbo. Ngakhale makina alephera kuthawa lamulo lija.

Ngati cimene mukufuna ndi kuyankha kuja kotsalira m'mwamba, ciyambi cake cili mu nyimbo imene mwalemba. Sankhani noti imodzi ya kwanu ndi kukhalapo. Mu FL Studio ikani liu limodzi lalitali losasuntha pansi pa biti yonse. Pa gitala ya bokosi, chunani mawaya amene simukuwadina kuti agwirizane ndi kiyi yanu ndi kuwasiya alire okha. Mudzaona kuti ukaleka kuthamanga kucoka pa chord iyi kupita pa iyo, zinthu zimayamba kuvomerana zokha, popanda kulipira dola iliyonse.

Ndipo tsiku lina mukakhala ndi bando yokwanira, valani mahedifoni ndi kusaka Vilayat Khan, Nikhil Banerjee kapena Anoushka Shankar pa YouTube. Sankhani cigawo coyamba cochedwa alap, cija coyenda pang'ono-pang'ono ng'oma zisanalowe. Musachere khutu ku noti imene walizayo, cherani ku cimene cikutsala iye atacotsa dzanja. Mukacimva kamodzi, simudzafunikanso munthu wokuuzani ngati mawaya 13 a pa Coral akuvomera kapena ai.